Zimene Asisi Ankakumba Pansi pa Madzi

Ulendo wa ku chilumba sunali maganizo anga. Ine holide ndinkaidziwa imodzi yokha: kukwera ndege kupita kwathu ku Dedza, kukagawa zovala, kuzungulira maliro onse amene anachitika ine kulibe, n'kubwerako nditatopa kuposa mmene ndinanyamukira. Amene anabwera ndi nkhani ya chilumba cha Lanzarote anali mnzanga wa ku Bilston, mayi amene tonse kutchalitchi tinkangowatcha asisi. Anali namwino ngati ine, koma wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Ndi iwo anandilandira nditangofika ku England ndi sutikesi imodzi ndi kajekete kosaletsa mphepo. Ndinagona pa sofa yawo miyezi inayi ndisanapeze malo anga ku Oldbury. Anandiphunzitsa kukwera basi, kuyankha madokotala osagwetsa nkhope, ndiponso benchi logulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa ku Bilston.

Anandiimbira foni ndili pa bureki ya masana kuchipatala.

"Iwe, wabuka kale livu yako?"

"Ayi asisi, ndikusungira ya Disembala kuti ndidzapite kumudzi."

"Kumudzi sikuthawa. Mwana wanga wandibukira holide, wati ndisankhe mnzanga wopita naye. Ndasankha iweyo. Ukalankhule ndi manijala wako lero lomwe, akusinthire mashifiti."

Mwana wawoyo anali mtsikana mmodzi yekha, wobadwira ku Wolverhampton, ndipo anali atangoyamba ntchito. Bambo ake anasiyana ndi asisi iye akali wamng'ono. Chichewa ankachimva ndithu, koma ukamufunsa ankayankha m'Chingerezi. Anaona kuti mayi ake atuluka m'zaka za korona ali ofooka, ngati tonse amene tinagwira m'mawodi nthawi imeneyo, ndiye anaganiza zowatumiza kumene kuli dzuwa. Anakonza zonse yekha: ndege, hotela, basi yokaonera mapiri, ngakhale tsiku lokalowa pansi pa nyanja. Ife tinangolandira mapepala m'envulopu.

Nditasuzumira pawindo la ndege ndinaganiza kuti chilumbacho chinapsa ndi moto wolusa dzulo lake. Kunalibe nkhalango, kunalibe mtsinje. Nthaka inali yakuda bii, mwina yofiira ngati njerwa, ndipo nyumba zonse zinali zoyera. Alimi akumeneko amakumba dzenje lalikulu, kudzala mphesa imodzi pansi pake, n'kumanga kampanda ka miyala kotchinga mphepo. Mapiri onse anali maenje okhaokha otere. Asisi anayang'ana n'kunena kuti, "Koma anthu awa ndi olimba mtima. Ife dzinja limodzi mvula ikavuta timalira chaka chonse."

Masiku awiri oyamba asisi anali osangalala kwambiri. Anagula chipewa chachikulu chaudzu. Anakwera ngamila ine nditakana, ndipo ngamilayo itaimirira ndi miyendo yakumbuyo anakuwa m'Chilomwe, chilankhulo chimene ndinali ndisanawamvepo akulankhula. Pamwamba pa phiri lina pali malo odyera pamene amaotcha nkhuku ndi kutentha kochokera pansi pa nthaka, popanda nkhuni kapena makala. Bambo wina anathira ndowa ya madzi m'paipi yolowa pansi, ndipo posakhalitsa nthunzi inaphulika m'mwamba. Asisi analumpha, kenako n'kuseka mpaka misozi.

"Apa nde gasi bilu palibe," anatero.

Titatha kudya tinakwera basi yozungulira m'kati mwa mapiri ophulikawo. Kumeneko saloleza munthu kutsika, umangoonera pawindo. Msewu ndi wopapatiza, ndipo mbali zonse ndi chiphalaphala chimene chinauma kalekale, miyala yakuda yosongoka, ina yopindika ngati phala lozizira, kufika kumene maso alekezera. Palibe udzu, palibe mbalame. M'basimo munali sipika yofotokoza m'zilankhulo zitatu. Itafika pa Chingerezi inati moto unatuluka m'nthaka kwa zaka zingapo, ndipo pansi pa miyala tikuionayi pali midzi, minda ya tirigu, zitsime ndi makola.

Ndinamva dzanja la asisi litandigwira pamkono. Anandifinya mpaka kuwawa. Nditacheuka ndinaona kuti chipewa chija achivula, achiika pamiyendo, maso ali pawindo.

"Asisi, mwadwala? Ndi mseru?"

Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Basi inaima pamalo ena kuti anthu ajambule, ndipo azungu onse anadzuka ndi mafoni awo. Asisi sanasunthe. Anakhala choncho mpaka tinabwerera poimika magalimoto.

Tinakhala pa kampanda ka miyala, mphepo ikuomba. Ndinawapatsa madzi, anamwa pang'ono.

"Ukudziwa kuti kwathu ndi ku Phalombe," anayamba choncho.

"Eya, ndikudziwa."

"Sukudziwa. Ukungodziwa dzina."

Anandiuza pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Mudzi wawo unali m'tsinde mwa phiri la Michesi. Iwo anali kusukulu yogonera komweko, mtsikana wa fomu folo. Mvula inagwa masiku angapo osaleka, kenako phiri linang'ambika. Napolo anadutsa. Uthenga utafika kusukulu anayenda wapansi tsiku lonse, chifukwa milatho inali itakokoloka. Atafika anasochera pakwawo penipeni. Panalibe nyumba, panalibe mtengo wa mango umene ankaudziwa, panalibe njira. Panali miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati nyumba, ndi matope ndi zigobo za mitengo. Mayi awo ndi ang'ono awo awiri anali m'nyumba m'mawa umenewo.

"Tinakumba masiku asanu. Makasu anatha mano. Ine ndinkakumba ndi manja, zikhadabo zonse zinachoka. Komanso sitinkadziwa ngati tikukumba pamalo pake. Wina amati nyumba inali apa, wina amati ayi, inali uko. Tinangopeza chitseko, nachonso sindikudziwa ngati chinali chathu. Pomaliza abusa anabwera, anapemphera ataima pamwala, tinaimba nyimbo imodzi, basi. Maliro ake anali amenewo."

Mayi amenewa ndinawadziwa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinadya m'mbale zawo, ndinawasungira mwana akakhala kuntchito. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mayi awo anamwalira kale, basi. Chiyambire sanapiteko ku Malawi ngakhale kamodzi, ndipo ife azimayi akutchalitchi tinkawanena kumbali kuti asisi anaiwala kwawo, England inawalowa m'mutu. Inenso ndinanenapo zimenezo, kukhitchini ya holo, tikutsuka mapoto.

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Ukanatani?" Anavalanso chipewa chija. "Tiye, basi yathu ikutisiya."

M'mawa mwake linali tsiku lolowa m'madzi. Ndinati tingolisiya, tikagone pamchenga. Anakana. Anati mwana wawo anakonza, ndipo akafunsa zithunzi amuuza chiyani? Iwo kusambira ankatha, anaphunzira akuluakulu padamu losambiramo la khonsolo chifukwa cha msana. Ine ndinkangodziwa kuyandama.

Titafika kumalo olowera m'madziwo anatipatsa mafomu a zaumoyo. Ndinali pambali pawo pamene ankachonga. Atafika pa funso la kuthamanga kwa magazi anachonga kuti ayi. Ine ndinkadziwa kuti amamwa mapilisi awiri m'mawa uliwonse, ndinawaona pashelefu ya kubafa kuhotela.

"Asisi, nanga BP?" ndinanong'ona.

"Khala chete iwe. Muno si m'wodi."

Ndinakhala chete. Ndine namwino, ndikanatha kulankhula ndi mlangizi wotilowetsa m'madzi mawu awiri okha, koma ndinakhala chete chifukwa anali asisi, ndipo chifukwa cha zimene anandiuza dzulo lake ndinkaona ngati ndilibe ufulu wowaletsa chilichonse.

Mlangizi wathu anali mayi wachisipanishi, wamfupi, wopsa ndi dzuwa. Anativeka masuti a labala othina, ndipo kuti asisi alowemo tinachita kukoka awiri, tonse tikuseka. Anatimangirira malamba olemera m'chiuno, mabotolo a mpweya kumsana, zipsepse kumapazi. Anatiphunzitsa kulankhula ndi zala: chala chachikulu ndi cholozera zikakumana ndiye kuti zonse zili bwino, dzanja likagwedezeka ndiye kuti pali vuto, chala chachikulu chikaloza m'mwamba ndiye kuti tikwere. Tinalowa kuchokera pagombe, m'kakhonde ka nyanja kotetezedwa ndi miyala, tikuyenda chobwerera m'mbuyo ngati anthu oledzera.

Madzi atatseka pamutu panga, phokoso lonse la dziko linatha. Kunatsala kupuma kwanga kokha, kukoka ndi kutulutsa, kukoka ndi kutulutsa. Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Ndi lomwe linkadzaza wodi yathu nthawi ya korona, pamene makina ankapumira anthu. Ndinafuna kukwera pomwepo, koma mlangizi anandigwira dzanja, n'kundiyang'ana m'maso mpaka mtima unakhazikika.

Tinatsika pang'onopang'ono motsata phompho la miyala yakuda. Kunali tinsomba tabuluu, tina tamizeremizere, ndi ina yaikulu yamilomo yokhuthala imene inatiyang'ana ngati tabwera osaodira. Pansi panali chigwa cha mchenga wakuda. Patali ndinaona ngati udzu wamera, ukugwedezeka. Titayandikira ndinazindikira kuti si udzu, ndi tinsomba tatitali toonda, tambirimbiri, taima chilili, michira ili m'maenje. Tikasendera, timene tili pafupi tinkalowa pansi, kamodzikamodzi, mpaka pamalopo pangotsala mchenga. Ukacheuka, kumbuyo tatulukanso.

Mlangizi anatilozera kuti tigwade pamchenga kuti atijambule. Ndinagwada. Asisi anagwada patsogolo panga pang'ono. Mlangizi anapanga chizindikiro chofunsa ngati zonse zili bwino, ine ndinayankha. Asisi sanayankhe. Ankayang'ana pansi, pamene tinsomba tija tinalowera.

Kenako anayamba kukumba.

Poyamba ndinaganiza kuti akusewera, akufuna kugwira kansomba. Koma anakumba ndi manja onse awiri, mofulumira, akukokera mchenga pakati pa maondo. Thovu la mpweya wawo linkatuluka lambiri, losadukiza. Mchenga unadzuka ngati utsi. Ndinaona mapewa awo akuyenda, kenako botolo lokha, kenako palibe. Pamene panali asisi panali mtambo wakuda, ndipo mtambowo unandikuta inenso. Sindinkaona ngakhale dzanja langa. Ndinkangomva kupuma kwanga. Ndinaitana, "Asisi!" chopumira chili m'kamwa, ndipo madzi amchere analowa.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mlangizi anati sinakwane mphindi imodzi. Ndinangomva dzanja likundigwira lamba, ndipo titatuluka mu mtambo uja ndinaona kuti dzanja lake lina wagwira asisi. Anatikweza pang'onopang'ono. Asisi sanalimbane naye. Koma njira yonse nkhope yawo inali yoloza pansi.

Titafika pamwamba mlangizi anawafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino, ngati akumva kupweteka pachifuwa. Anati ali bwino, anangotaya ndolo. Koma ndolo zonse ziwiri anazisiya kuhotela, ndinaziona ndekha m'kambale. Tili pagombe, tikuvula masuti aja, ndinawafunsa m'Chichewa.

"Mumafuna chiyani pansi paja?"

Anayang'ana manja awo. M'zikhadabo munali mchenga wakuda.

"Ndi wofewa," anatero. "Ukakumba umalola. Kwathu kuja sunkalola."

Sitinakambenso. Masiku atatu otsalawo tinachita zimene alendo onse amachita. Tinalowa m'phanga lalitali limene chiphalaphala chinaboola, tinaona dziwe lobiriwira m'mphepete mwa nyanja, tinadya mbatata zazing'ono zophika ndi mchere wambiri. Asisi anagulira mwana wawo mkanda wa timiyala tobiriwira, ndipo ankaseka ngati kale. Ine ndi amene sindinkaseka bwino. Ndinkangowayang'ana manja.

Tinabwerera ku Birmingham kukugwa mvula. Aliyense analowa m'mashifiti ake, ndipo tinkaonana Lamulungu lokha. Patapita milungu isanu ndi umodzi, Loweruka masana, mwana wawo anandiimbira. Ankalankhula mofulumira, ndinangomva mawu oti msika ndi ambulansi. Asisi anagwa pamsika wa ku Bilston, pabenchi la masamba, chikwama chili m'manja. Inali sitiroko yaikulu.

Anakhala m'chipatala masiku anayi. Sanalankhulenso. Mbali yakumanja inali itafa, koma dzanja lamanzere linkayenda. Linkakanda bulangete, kulikokera kwa iwo, kusiya, kuyambanso. Ndaona anthu ambiri akumwalira, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amatero, amatolatola nsalu, ndi ubongo chabe ukuzima. Ndakhala ndikuuza achibale a odwala zimenezi kwa zaka zambiri kuti asaope. Mwana wawo atandifunsa kuti mayi ake akufuna chiyani, ndinamuuza zomwezo, ndi mawu a kuntchito. Kenako ndinatuluka, ndinakaima pakhonde nditatsamira khoma.

Atamwalira, anthu anasonkhana kunyumba kwawo monga timachitira. Azimayi pansi m'chipinda chochezera, azibambo kukhitchini ndi panja, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, ndi anzathu a ku Zambia. Akuluakulu a mpingo anayamba kukonza zotumiza thupi kumudzi. Mtsikana uja anaimirira pakhomo, n'kunena m'Chingerezi kuti mayi ake analemba kale kuti adzaikidwe konkuno. Munthu wina anang'ung'udza. Bambo wina wachikulire anati, "Mwanayu ndi wa kuno, sakudziwa mwambo. Munthu wamkulu chonchi sangagone kuchilendo ngati alibe kwawo."

Mtsikanayo anandiyang'ana. Sindinkafuna kulankhula, chifukwa nkhaniyo asisi anaisunga zaka zonsezo ndipo sanandipatse kuti ndigawe. Koma ndinagwada, ndinapempha mwayi kwa akuluakulu, ndipo ndinanena za Michesi, za masiku asanu aja, za abusa ataima pamwala. Ndinati kumene mukufuna kuwatumizako kulibe manda a mayi awo oti akagone pambali pake. Azimayi ena amene tinkanena nawo miseche kukhitchini ya holo anaphimba nkhope ndi zitenje. Nditamaliza ndinazindikira kuti mwana wawonso amamva koyamba. Anamva zonse, m'Chichewa, pamaso pa anthu, kuchokera kwa ine.

Tinawaika ku Bilston, tsiku lamphepo. Za pansi pa madzi sindinauze aliyense.

Za fomu ija ndinafunsa dokotala wina wa kuntchito, ngati ndikufunsira wodwala. Anati patapita milungu yochuluka choncho, n'zovuta kuti kulowa m'madzi kukhale chifukwa chake, BP yokhayo ndi yokwanira. Ndinamuthokoza. Mutu wanga unavomera. Komabe ndikamathandiza wodwala kudzaza fomu, cholembera chikafika pa funso limenelo, ndimaona dzanja la asisi likuchonga ayi, ndi ine pambali nditatseka pakamwa.

Pali zinanso. Basi imene ndimakwera ndikapita kwa mnzanga ku Nechells imadutsa pamene anagumula fakitale yakale. Pali milu ya njerwa ndi simenti, yakuda ndi mwaye. Tsiku lina masana ndinaona mayi atagwada pamulu wina, msana wake ngati wa asisi, mapewa akuyenda. Ndinaliza belu, ndinatsika pasiteji yotsatira, ndinabwerera wapansi. Panali mpanda wawaya wokhoma, ndipo m'katimo munalibe munthu, koma pepala lakuda lapulasitiki litakodwa pachitsulo, likugwedezeka ndi mphepo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundidutsa. Kuchokera tsiku limenelo ndimakhala mbali ina ya basi.

Patatha chaka, mtsikana uja anabwera kwathu ku Oldbury Lamulungu masana. Anali atameta tsitsi, akuoneka wamkulu. Ndinamuphikira tiyi. Anatulutsa kabuku ndi cholembera, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anandilankhula m'Chichewa, mawu amodziamodzi ngati akuponda pamiyala yoterera.

"Anti, mudzi wa amayi, dzina lake ndi chiyani?"

Dzinalo sindinkalidziwa. Asisi sanalitchule, inenso sindinafunse. Tinayang'ana m'mapepala awo onse, pasipoti, masatifiketi a unamwino, kalata yaubatizo. Paliponse panangolembedwa boma lokha. Tinaimbira anthu a kutchalitchi, ndipo anatilozera kwa gogo wina wa ku Phalombe amene amakhala ndi ana ake ku Nechells. Tinapita sabata yotsatira. Gogoyo anamvetsera, anatseka maso, n'kutchula midzi itatu imene ankaikumbuka kuti inakwiririka mbali imeneyo ya phiri. Anati sangadziwe kuti mwa itatuyo wawo ndi uti, chifukwa amene akanadziwa ambiri ali pansi pomwepo.

Mtsikanayo analemba mayina onse atatu, gogo akumukonza kalembedwe. Akufuna kupita ku Phalombe chilimwe chikubwerachi, mvula isanayambe, ndipo wandipempha kuti ndimuperekeze chifukwa Chichewa chake sichingafike patali. Ndavomera. Livu ndabuka kale, ndipo abale anga ku Dedza ndawauza kuti chaka chino ndidzafika mochedwa.